Mwala wa kumwezi ukugulitsidwa pa galamu

Mwezi ukawala wathunthu, yang'anani zigamba zakuda zija zimene agogo ankatisimbira nthano zake. Akatswiri ati chimenecho ndi chiphalaphala cha moto chimene chinasefukira kalekale n'kuuma, mwala umene iwo amautcha basalt. Tsono zibenthu za mwala womwewo anthu akutola pansi pano, m'zipululu za Sahara, Kalahari ndi ku Oman.

Zimafika bwanji? Chimwala cha mlengalenga chikawomba mwezi, zibenthu zimathothoka n'kuuluka, poti mwezi ulibe mphamvu yokwanira kuzibweza zonse. Zina zimadzagwera kuno. Miyala yochokera kumwamba imagwa paliponse, paja wina wa makilogalamu 93 unagwa ku Machinga mu 1981, ngakhale uwo sunali wa kumwezi. Koma kwathu kuno mvula imaidya ndipo tchire limaibisa. M'chipululu mwala wakuda umakhala poyera pa nthaka youma kwa zaka zikwizikwi, kudikira woutola.

Kuuona ndi maso chabe simungalumbire kuti ndi wa kumwezi ayi. Amauseula kachidutswa kopyapyala n'kuyang'ana timibulu take: pyroxene, olivine, plagioclase ndi ilmenite. Amayeza kuchuluka kwa chitsulo poyerekeza ndi manganizi, chifukwa muyezo wa kumwezi ndi wosiyana ndi wa dziko lino kapena wa ku Mars. Chinanso, timibulu tija tokhala ndi madzi, monga dongo, mulibemo.

Akatsimikiza, amaupatsa gulu, ndipo apa mfumu yake ndi titaniyamu, amene amakhala mu ilmenite. Akapitirira 6 peresenti, mwalawo ndi wa gulu lapamwamba. Pakati pa 1 ndi 6 ndi wa gulu lotsika. Akalephera kufika pa 1, ndi wotsikitsitsa.

Mwina mukuti, nanga zimenezi zili ndi phindu lanji? Tamvani. Pakati pa 1969 ndi 1972, a ku America anabwera ndi makilogalamu 382 a miyala ndi dothi pa maulendo a Apollo. Basalt wa Apollo 11 ndi Apollo 17 anali wodzaza titaniyamu, moti munthu akanatha kuganiza kuti mwezi wonse uli choncho. Koma iwo anatera malo asanu ndi limodzi okha, onse mbali yoyang'ana kuno. Miyala ya m'chipululu siisankha kochokera, ndipo pafupifupi yonse ndi ya magulu otsika aja. Ndiye kuti Apollo analawa m'mphepete mwa mphika basi.

Zaka nazo zinasokonekera. Basalt wambiri wa Apollo ali ndi zaka za pakati pa 3.1 ndi 3.9 biliyoni. Koma mwala wotchedwa Northwest Africa 032, wa magalamu pafupifupi 300, umene unapezeka ku Morocco mu 1999, uli ndi zaka pafupifupi 2.9 biliyoni. Kalahari 009, chimwala cha makilogalamu 13.5 cha ku Botswana, chili ndi zaka 4.35 biliyoni, kusonyeza kuti moto unayamba kufuka mwezi udakali khanda. A ku China anadzawonjezera pamenepo mu 2020, pamene Chang'e 5 inabweretsa basalt wa zaka 2 biliyoni zokha.

Chimene chimandiwawa ine ndi dzina lija lakuti Northwest Africa. Mwambo wa bungwe la Meteoritical Society ndi wakuti mwala uzitchedwa dzina la malo amene wapezeka. Koma miyala yambiri ya ku Sahara imatoledwa ndi anthu oyendayenda ndi ziweto, n'kudutsa m'manja mwa mavenda m'matauni ngati Erfoud, mpaka pomafika ku Ulaya palibe akudziwa pamene inagona. Imangopatsidwa nambala. Zotsatira zake, mwala umodzi umene unasweka pogwa umatha kukhala ndi maina angapo: Northwest Africa 479 anadzapezeka kuti ndi chibenthu chinzake cha 032 yemwe uja.

Kuti dzina livomerezedwe, mwini mwala amapereka magalamu 20 kapena gawo limodzi mwa magawo asanu, chimene chachepa pa ziwirizi, kuti chisungidwe kwa akatswiri. Chotsalacho amachicheka ngati buledi n'kumagulitsa pa galamu pa galamu. Dzina la mbusa wa ngamila amene anawerama n'kuutola kawirikawiri sililembedwa n'komwe.