Phazi losamva ululu

M'nyengo yozizira ya Juni, munthu amene wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri akhoza kuwotha mbaula, phazi n'kupsa iye osadziwa, n'kudzangoona thuza m'mawa. Wina amayenda tsiku lonse kamwala kali m'nsapato, kakumuboola chidendene, koma ululu osaumva.

Shuga akamakhala wokwera m'magazi kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha yotumiza uthenga wa ululu ku ubongo, ndipo amayambira kumapazi. Poyamba wodwala amadandaula kuti mapazi akutentha usiku kapena akuchita dzanzi. Kenako kumva kumatheratu. Nawo magazi amayamba kuyenda movutikira, motero kabala kakang'ono sikapola msanga. Kamasanduka chilonda, chilonda n'kufika pafupa. Ena amayamba athira mankhwala azitsamba, ndipo pofika kuchipatala madokotala amakhala alibenso njira ina koma kudula chala, phazi, mwinanso mwendo wonse.

Chopweteka mtima n'chakuti vutoli limadziwika mosavuta. Namwino amangokhudza kuphazi ndi kaulusi ka pulasitiki, wodwala atatsinzina. Ngati sakumva, ndiye kuti phazilo lili pangozi ndipo liyenera kusamalidwa mwapadera.

Maso ndi impso nazo zimawonongeka mwakachetechete. Timitsempha ta m'kati mwa diso timayamba kudontha magazi munthu akuonabe bwinobwino. Impso zikafooka, pamafunika makina osefa magazi, omwe amapezeka pa zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ofuna thandizoli ndi ambiri kuposa makinawo. Sitiroko ndi matenda a mtima nazonso zimakonda kugwera odwala shuga.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Msampha waukulu kwa amene akudziwa kale kuti ali nawo ndi kumva bwino m'thupi. Munthu amamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin miyezi ingapo, ludzu ndi kukodza pafupipafupi zikatha amati wachira, mankhwala n'kusiya. Shuga sachoka chomwecho ayi.

Ngati muli ndi shuga, yang'anani mapazi anu tsiku lililonse, pakati pa zala pomwe, ndipo musayende opanda nsapato. Kayezetseni maso ndi impso kamodzi pachaka, ndipo kabala mukakaona musadikire mawa.