Pulogalamu Yatsopano Ikakumana ndi Kaundula Wakale

M'makiliniki ambiri a ma ARV ku Malawi kuno, kalaliki amadina pa sikirini ya kompyuta ndi chala, makina n'kutulutsa kapepala komata kokhala ndi nambala ya wodwala. Njirayi anaiyambitsa ndi a Baobab Health ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Patapita nthawi, mapulogalamu awo anawalemba ndi chida chotchedwa Ruby on Rails, koma zonse za odwala ankazisunga motsatira ndondomeko ya OpenMRS, pulogalamu yosungira zolemba za odwala. Ziwirizi sizinapangidwe kuti ziziyendera limodzi, ndipo ntchito yogwirizanitsa zinthu zotere ndi yomwe imasowetsa tulo anthu olemba mapulogalamu padziko lonse.

Database ndi kaundula wa mu kompyuta. Maganizo oti zinthu zizisungidwa m'matebulo olumikizana anawafalitsa Edgar F. Codd wa kampani ya IBM mu 1970, ndipo mabanki, masukulu ndi zipatala amawatsatirabe mpaka lero. Tebulo lililonse lili ndi dzina, makolamu ndi mizere, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala yakeyake youzindikiritsa. Ndondomeko yonena kuti matebulo ndi angati, makolamu ake ndi ati, ndipo tebulo ili likulumikizana bwanji ndi linzake, ndiyo schema.

Vuto n'lakuti wolemba pulogalamu saganiza za matebulo. Iye amaona wodwala ngati chinthu chimodzi chathunthu: dzina, tsiku lobadwa, maulendo a kuchipatala, mankhwala. Database imamwaza zimenezi m'matebulo angapo, ndipo imamva chilankhulo chimodzi chokha, SQL. Pakati pawo pamaima chida chotchedwa ORM, chomwe chimagwira ntchito ngati womasulira wa kukhoti: pulogalamu ikati "ndipatse wodwala nambala 45", chidacho chimasandutsa pempholo kukhala SQL, n'kubweretsa yankho litasonkhanitsidwa kale. Zida zotere zilipo zambiri. Hibernate anaiyamba Gavin King mu 2001, Rails inatuluka mu 2004 ili ndi ORM yake yotchedwa Active Record, Django inatsatira mu 2005, SQLAlchemy mu 2006.

Kuti ntchito ichepe, zidazi zimangoyerekeza mayina. David Heinemeier Hansson, yemwe anapanga Rails, ankafuna kuti wolemba pulogalamu asamataye nthawi kufotokoza zinthu zodziwikiratu. Choncho munthu akalemba Patient, Rails imakasaka tebulo lotchedwa patients, lochulukitsa mwa Chingerezi, ndipo imayembekezera kuti nambala yozindikiritsa mzere ili mu kolamu yotchedwa id. Akalemba Person, imasaka people. Pa pulogalamu yoyambira pa chiyambi penipeni, zimenezi ndi zabwino kwambiri, chifukwa chidacho chimadzipangira chokha matebulo momwe chikufunira.

Nanga kaundula akakhala kuti alipo kale?

OpenMRS inayamba mu 2004, mogwirizana pakati pa Regenstrief Institute ya ku Indiana ndi Partners In Health, ndipo inayamba kugwira ntchito ku Eldoret m'dziko la Kenya. Matebulo ake ali ndi mayina osachulukitsa: patient, person, encounter, obs. Nambala yozindikiritsa wodwala ili mu patient_id, osati id. Pomwe Rails imayembekezera created_at, OpenMRS ili ndi date_created. Pulogalamu ya Rails ikangolumikizidwa popanda kuiuza kanthu, imadandaula kuti tebulo la patients kulibe, chikhalirecho odwala masauzande ali momwemo. Mankhwala a vutoli ndi mizere iwiri yokha ya mu pulogalamu: table_name woloza ku patient, ndi primary_key woloza ku patient_id. Koma ziyenera kuchitika pa tebulo lililonse ndi pa kulumikizana kulikonse, ndipo matebulo a OpenMRS amapitirira 100.

Mayina ndi mbali yosavuta, chifukwa akalakwika pulogalamu imakana kuyenda ndipo aliyense amaona. Choopsa ndi malamulo obisika. Mu OpenMRS zolemba za wodwala sizifufutidwa. Kalaliki akalakwitsa, mzerewo umatsala, kungoti umaikidwa chizindikiro mu kolamu yotchedwa voided, pamodzi ndi yemwe waufafaniza ndi chifukwa chake. Nzeru imeneyi ndi yoyenera pa nkhani za umoyo, popeza tsiku lina padzafunika kudziwa yemwe anasintha chiyani. Komabe ORM siidziwa mwambo umenewu. Ikapanda kuuzidwa kuti izidumpha mizere yofafanizidwa, imawerenga yonse, lipoti la pamwezi n'kutuluka ndi odwala ochuluka kuposa omwe alipo, popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Cholakwa chamtunduwu chimatha kukhala miyezi osaoneka.

Ena angafunse kuti bwanji osangosintha mayina a matebulowo kuti agwirizane ndi pulogalamu. Kawirikawiri kutero n'kupusa. Database imodzi imawerengedwa ndi mapulogalamu angapo, ena olembedwa ndi anthu omwe anachoka kalekale, ndipo zolemba za odwala zimakhala zaka zambiri kuposa pulogalamu iliyonse. Wobwera kumene ndiye ayenera kugonja.

Django, yomwe Adrian Holovaty ndi Simon Willison anaiyamba ali pa nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, ili ndi zida zake pa vutoli. Lamulo la inspectdb limayang'ana database yomwe ilipo n'kulemba lokha chithunzi cha matebulo ake, chomwe munthu amachikonza pambuyo pake. Pali db_table ndi db_column zotchulira mayina enieni. Palinso managed, yomwe ikaikidwa pa False imauza Django kuti tebulo ili si lake, isalipange, isalisinthe, isaligwetse. Kusintha matebulo pang'onopang'ono molemba sitepe iliyonse, komwe amati migration, kunalowa mu Django 1.7 mu 2014 kudzera mu ntchito ya Andrew Godwin. Hibernate nayo ili ndi posankha potchedwa hbm2ddl.auto: validate imangoona ngati matebulo akugwirizana ndi pulogalamu, pomwe create imagwetsa matebulo n'kumanga atsopano opanda kanthu nthawi iliyonse pulogalamu ikayatsidwa. Yachiwiriyi anaipangira poyeserera basi, ndipo kuiiwala pa database yeniyeni n'kutaya zonse.

Mu mtundu wina wa database wotchedwa PostgreSQL, mawu aja oti schema amatanthauzanso chigawo cha mkati mwa database, momwe matebulo a mayina ofanana angakhale osasokonezana. Munthu akapanda kusankha, zonse zimapita mu chigawo chotchedwa public. SQLAlchemy ndi Hibernate zimalola kutchula chigawo mwachindunji pa tebulo lililonse; ogwiritsa ntchito Django nthawi zambiri amadalira search_path, mndandanda wa zigawo zomwe database iyenera kusakamo motsatizana.

Instagram, yomwe inamangidwa pa Django ndi PostgreSQL, inagwiritsa ntchito zigawozi mwaluso m'zaka zake zoyambirira. Zithunzi zitayamba kuchuluka kuposa zomwe seva imodzi (kompyuta yosungira database) ingasenze, mainjiniya ake anagawa deta m'zigawo masauzande angapo, chilichonse chili ndi matebulo ofanana, kuti seva ikadzaza azingosamutsa zigawo zina kupita ku seva yatsopano. Apa nambala ya id yongowerenga 1, 2, 3 sikanathandiza, chifukwa zigawo ziwiri zikanapereka nambala imodzi ku zithunzi ziwiri zosiyana. Ndiye analemba njira yawoyawo mkati mwa database: nambala ya mabiti (ma 0 ndi ma 1 a mu kompyuta) 64, pomwe 41 amasunga nthawi yomwe chithunzi chalowa, 13 amatchula chigawo, ndipo 10 otsalawo amalola chigawo chilichonse kupereka manambala 1,024 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.