Anthu Opanga Tikhungu ta Okusayidi

M'malabotale a fizikisi ku Japan, Germany, South Korea ndi Netherlands muli anthu amene ntchito yawo ndi kupanga tikhungu ta strontium ruthenate topyapyala zedi, timizere tinayi kapena tisanu basi. Kamzere kamodzi kukhuthala kwake ndi pafupifupi nanomita 0.4.

Ntchito imayambira kwa wopanga. Amaika kachidutswa ka strontium titanate m'chibokosi chachitsulo, n'kupopamo mpweya, n'kulowetsamo okosijeni pang'ono, kenako amatenthetsa kachidutswako kupitirira madigiri 600. Laser ikayamba kuwomba pa chimbale cha ruthenate, maatomu amathetheka n'kukagwera pa kachidutswa kaja. Iye maso amakhala ali tcheru pa sikirini ya RHEED, kuona ngati maatomuwo akuyalana bwino. Okosijeni akachepa kapena kutentha kukasokonekera, tsiku lonse lapita pachabe. Ambiri ogwira ntchito imeneyi ndi ophunzira a PhD, ndipo kuchoka usiku si zachilendo.

Kakhungu kakapsa kamapita kwa woyeza. Uyu amamatapo timawaya, amakaziziritsa ndi helium, chifukwa umaginito wa ruthenate umadzuka pansi pa madigiri pafupifupi -113, kenako amadutsitsa magetsi n'kuyeza mphamvu yopatukira m'mbali, imene Edwin Hall anatulukira mu 1879 ku Baltimore. Akatswiri a masamu amabwera pambuyo kudzamasulira.

Mu 2016 gulu la Jobu Matsuno ku RIKEN linasanjikiza strontium iridate pa ruthenate, ndipo pa galafu ya mphamvu yopatukira m'mbali ija panatuluka kalinunda. Iwo anati kalinundako ndi topological Hall effect, chizindikiro cha ma skyrmion, timakamvuluvulu ta maginito timene tinaonekapo mu manganese silicide mu 2009. Anthu anasangalala, poganiza za makompyuta osunga zambiri pa malo ochepa. Koma mu 2018 Daisuke Kan ndi anzake ku Kyoto anatsutsa. Anati kakhungu kakapanda kukhala kofanana ponseponse, zigawo zake ziwiri zimapereka mphamvu zokokerana, ndipo ukaziphatikiza linunda limatuluka popanda skyrmion ngakhale imodzi.

Apa m'pamene ulemu wa wopanga unaonekera. Mkangano wa mapulofesa unadzatsamira pa funso loti kodi pena pali timizere tinayi, pena tisanu. Masiku ano linunda lokha silikhutiritsa ambiri, amafuna chithunzi cha maikulosikopu ya maginito. Kwa ine, woyeza amene sadziwa mmene kakhungu kake kanapangidwira asafulumire kulengeza kuti wapeza skyrmion.