Agalu osaka ndi maso

Anthu a kuno ku Chileka akandiona ndikuyenda ndi agalu anga m'mawa, funso lawo silisintha: "Achimwene, koma agaluwa mumawapatsa chakudya?" Sindiwadabwa. Nthiti zakumapeto zimaoneka, mimba ndi yolowa mkati, miyendo ndi yaitali yopanda mnofu wambiri. Kwathu kuno galu wosamalidwa timamudziwira kunenepa. Koma greyhound akanenepa ndiye kuti mwini wake wamuwononga, pakuti thupi lake lonse linapangidwira liwiro.

Chikondi cha agalu ndinachitengera kwa malume anga ku Lirangwe. M'chilimwe, tchire likapsa, ankatitenga anyamata kupita ku uzimba, zibonga m'manja, agalu patsogolo. Agalu ambiri ankayenda mphuno pansi, kulondola fungo. Panali mmodzi wofiirira, wamkazi, amene ankachita zosiyana. Iyeyu ankaima pachulu, khosi m'mwamba, kumangoyang'ana. Kalulu akangovumbuluka m'lupsa, anzake asanadziwe n'komwe kuti kwachitika chiyani, iye amakhala atafika kale pakati pa dambo. Malume ankangoti galu ameneyu ali ndi diso. Panthawiyo palibe amene ankadziwa kuti kunja kuli mitundu yathunthu ya agalu imene anthu akhala akuiweta kwa zaka mazanamazana chifukwa cha diso lomwelo.

Ndinakaiona ku Joni. Monga Amalawi ambiri, ndinapeza ntchito ya m'munda wa maluwa, kwa mayi wina wachikulire amene ankaweta ma borzoi ndi ma greyhound. Borzoi ndi galu wa ku Russia, wamtali, waubweya wautali wopotana, amene kale olemera a kumeneko ankasakira mimbulu. Mayiwo ataona kuti agalu akunditsatira paliponse, anandichotsa ku maluwa n'kundipatsa chingwe ndi burashi.

Kumeneko ndinaphunzira chimene chimasiyanitsa agaluwa ndi ena. Mutu ndi wautali ndi wosongoka, ndipo maso amaona mbali yaikulu, moti kanthu kakagwedezeka patali samakaphonya. Chifuwa ndi chozama, muli mtima waukulu ndi mapapo aakulu. Msana umapindika ndi kuwongoka akamathamanga, ndipo pa kulumpha kumodzi miyendo yonse inayi imachoka pansi kawiri: koyamba ataikunga pansi pa mimba, kachiwiri ataitambasula. N'chifukwa chake greyhound amafika pafupifupi makilomita 70 pa ola. M'banja lomweli muli saluki wa ku maiko a Aluya, Afghan hound, ndi Irish wolfhound, chimphona chimene chachimuna chake chimafika masentimita 80 paphewa koma kawirikawiri sichikwanitsa zaka 10. Ndipo tisaganize kuti zonsezi n'za azungu. Kuno ku Africa kuli sloughi wa ku Morocco ndi maiko oyandikana nalo, komanso azawakh, amene a Tuareg amaweta ku Mali, Niger ndi Burkina Faso, wowonda kuposa anga.

Zionetsero za agalu ku South Africa zimayendetsedwa ndi bungwe la Kennel Union of Southern Africa, limene linayamba mu 1891, chaka chomwe Charles Cruft anayambitsa chionetsero chotchuka cha Crufts ku London. Ambiri amaganiza kuti pa chionetsero agalu amapikisana liwiro. Ayi. Mtundu uliwonse uli ndi muyeso wolembedwa wofotokoza m'mene galu wangwiro ayenera kuonekera, ndipo woweruza amafananitsa galu aliyense ndi muyesowo.

Ntchito ya wogwira chingwe, imene ndinkagwira ine pa zionetserozi, ndi yaikulu ngakhale siioneka. Umamuimika galu miyendo yakutsogolo itawongoka, yakumbuyo itatambasukira kumbuyo pang'ono, mutu uli m'mwamba, ndipo aime choncho osagwedezeka. Woweruza amabwera, kumutsegula milomo kuona m'mene mano akumanirana, kuyendetsa manja paphewa, m'nthiti, mpaka kumchira. Agalu a mtunduwu sakonda kukhudzidwa ndi mlendo, choncho umayamba kumuzoloweza akadali kamwana. Kenako woweruza amati muzungulire bwalo. Apa uyenera kuthamanga mofanana ndi galu, chingwe chili cholendewera, kuti iye ayende mwa iye yekha. Ukamukoka, mayendedwe ake amasokonekera ndipo woweruza amaona. Galu wopanda ubweya wambiri ngati greyhound alibe pobisa chilema. Ine ndimamukondera pomwepo.

Mayi a ku Joni aja atayamba kufooka anandipatsa ana awiri a greyhound. Ma borzoi ndinawakana ngakhale mtima unkawafuna, chifukwa kutentha kwa Chileka mu Okutobala kukanawazunza ndi ubweya umene uja. Ndinakonza mapepala a katemera ndi chilolezo cha a zaziweto, n'kubwera nawo kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza.

Kuwasunga kuno kumafuna maso. Nkhupakupa zimapatsa galu matenda owononga magazi, choncho madzulo alionse ndimafufuza m'makutu ndi pakati pa zala. Nsima ya mgaiwa yokha siikwanira. Ndimasakaniza ndi bonya, mazira ndi zam'kati zimene ndimagula kwa ogulitsa nyama pa Lunzu. Akangodya sindiwalola kuthamanga, chifukwa mwa agalu a chifuwa chozama chifu chimatha kudzala mpweya n'kupotokola, galu n'kufa usiku womwewo. Dokotala wa ziweto ndimamukumbutsa kuti agalu opanda mafutawa mankhwala ena ogonetsa amachedwa kuwatha m'thupi. Chingwe sindimasula pamene pali nkhuku kapena mbuzi, ndipo ku phiri la Michiru, kumene nyama ndi zotetezedwa, sindiyandikira nawo. Greyhound akaona chothawa, khutu limatseka.

Chimene chionetsero chinandisiyira kwenikweni ndi diso loyang'anira galu wa kumudzi. Mu 2015 a Mission Rabies anayamba kubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre, ndi cholinga chofikira agalu 70 pa 100 alionse kuti matendawa aleke kufala, ndipo ntchitoyo inafika mpaka kumidzi. Pa mizere ya katemera ndimaona agalu omangidwa ndi luzi kapena waya, ena a chifuwa chozama, mapazi olimba, mayendedwe opepuka, amene woweruza aliyense akanaima n'kuwayang'anitsitsa. Si agalu a mtundu wolembedwa m'buku, ndipo ambiri amasaka ndi mphuno ndi maso pamodzi. Koma dzuwa, nkhupakupa ndi njala za dera lino zawasankha kwa mibadwo yambiri, moti amapirira zimene anga sangapirire. Zimandipweteka kuona galu wotero akugendedwa miyala, pamene mwini wake akusunga ndalama zogulira galu wachizungu.

Anyamata a ku Lirangwe amabwera kudzapempha kuti wamphongo wanga akwere agalu awo, kuti ana ake adzagwire akalulu. Sindivomera msanga. Ndimayamba ndapita kwawo kukaona galu amene ali naye kale: pamene amagona, mbale yake ya madzi, ndi khadi lake la katemera.