KODI MWINI LUSO ANGATHE KUSUMIRA BOMA?

Munthu akatulukira cinthu catsopano, monga makina kapena mankhwala, amakacilembetsa ku ofesi ya Boma, nalandira kalata yochedwa patenti. Kalata imeneyi iletsa anthu ena kupanga kapena kugulitsa cinthuco popanda cilolezo ca mwini wace, ndipo m'maiko ambiri mphamvu yace ikhala zaka 20. Wophwanya lamuloli amamtengera ku bwalo la mirandu. Koma nanga wotenga luso la mwini akakhala Boma lomwelo limene linapereka kalata, mlandu wace uyenda bwanji?

Kale yankho lace linali lowawa. Ku Britain kunali mwambo wakuti Mfumu siimbidwa mlandu m'mabwalo ace omwe. M'caka ca 1865 munthu wina dzina lace Feather anadandaula kuti akuru a zombo za nkhondo anatenga njira yace yomangira zombo osamlipira. Oweruza anagamula kuti patenti siimanga Mfumu, ndipo Feather anabwerera cimanjamanja.

Ku America nakonso kunacitika zofanana. John Schillinger anatulukira njira yoyala simenti pansi m'zigawo zigawo, ndi kuika pepala la phula pakati pa zigawozo. Mmisiri wina wolembedwa nchito ndi Boma anayala simenti pa bwalo la nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo Schillinger anati njira imene anatsata mmisiriyo inali yace. Koma m'caka ca 1894 bwalo lalikuru la dzikolo linati Boma silisumiridwa pokhapokha litabvomera lokha, ndipo pa mirandu yotere linali lisanabvomere. Motero iyenso sanalandire kanthu.

Akuru akale anati mlandu suola. Opanga malamulo anaona kuti anthu a luso adzagwa mphwayi ngati thukuta lao litengedwa kwaulere. Cifukwa cace ku Britain lamulo la 1883 linati patenti imanga Mfumu monga imanga munthu wamba. Ku America lamulo la 1910 linatsegula njira yakuti mwini patenti akapemphe malipiro ku bwalo. M'caka ca 1918, nkhondo yaikuru iri m'kati, anaonjeza kuti kampani ikapanga cinthu motumidwa ndi Boma, woyankha mlandu ndi Boma, si kampaniyo ai.

Komabe malamulo amenewa sanalande Boma mphamvu zonse. Mwini patenti angathe kuletsa munthu mnzace kupanga cinthu cace, koma Boma sangaliletse. Cimene angathe ndico kufuna malipiro oyenera, ndipo akalephera kumvana pa mtengo, bwalo ndilo ligamula. Anacita dala kutero, pakuti pa nthawi ya nkhondo kapena ya mliri dziko silingadikire kuti munthu mmodzi abvomere.

Nkhaniyi ikhudzanso anthu a kumudzi, makamaka pa za mankhwala. Pangano la malonda limene maiko ambiri anasaina m'caka ca 1994 lilola Boma kugwiritsa nchito patenti popanda cilolezo ca mwini wace, malinga limlipire moyenera. M'caka ca 2002 Boma la Zimbabwe linalengeza kuti matenda a Edzi afika poopsa, kuti mankhwala otsika mtengo athe kupangidwa kapena kuitanitsidwa kucokera kunja. M'caka ca 2004 Zambia ndi Mozambique nawonso anapereka zilolezo zopangira mankhwala otalikitsa moyo, nalamula kuti eni patenti azilandira kagawo ka ndarama za malondawo.

Tsono aphunzitsi pofotokozera ana a sukulu, ndi onse owerengera anzao pa bwalo, akumbuke mbali ziwirizi. Boma liri ndi mphamvu yotenga luso la munthu pofuna kupulumutsa anthu ace, koma mwini lusolo naye ali ndi mphamvu yofunsa mangawa ace pamaso pa oweruza.