Za bizinesi ndi za pakhomo: malire amene msonkho umayang'ana

Msonkho wa phindu sawerengera pa ndalama zonse zimene zalowa m'bizinesi. Amawerengera pa zotsala akachotsa zimene mwini wake wawononga poyendetsa malondawo. Wagolosale amene wagulitsa katundu wa K30 miliyoni pa chaka, atamuoda pa K24 miliyoni n'kulipira lendi, magetsi ndi antchito K3 miliyoni, msonkho wake umachokera pa K3 miliyoni yotsalayo. Choncho funso loti ndi ndalama iti imene ili yololedwa kuchotsedwa limakhudza thumba la mwini bizinesi mwachindunji.

Ku Malawi msonkhowu amatolera ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, lodziwika kuti MRA, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2000 ndipo likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Lamulo limene bungweli limatsata, Taxation Act, limalola kuchotsa ndalama yokhayo imene yagwiritsidwa ntchito pa bizinesi basi, ndipo inali yofunikadi kuti malonda ayende. Zosamalira mwini bizinesi ndi banja lake lamulo limazikana. Chimene chimayang'anidwa ndi cholinga cha ndalamayo, osati kumene yachokera. Ndalama yotapidwa m'dilowa ya sitolo n'kukagulira ndiwo ndi ya pakhomo. Imene mwini wake watulutsa m'thumba lake n'kulipira mlonda wa pasitolo ndi ya bizinesi.

Zina sizivuta. Katundu woodedwa, lendi ya sitolo, malipiro a antchito, laisensi ya kukhonsolo, thiransipoti yonyamulira katundu, kukonzetsa sikelo ndi chiwongoladzanja cha ngongole yogulira katundu, zonsezi n'za bizinesi. Fizi ya ana, ufa, zovala, bilu ya kuchipatala ndi lendi ya nyumba yogona n'za pakhomo.

Mutu umaima pa zinthu zogwira mbali ziwiri, ndipo m'mabizinesi ang'onoang'ono zoterezi ndiye zambiri. Telala wosokera pakhonde la nyumba yake amagula mayunitsi a ESCOM pa mita imodzi, imene ikuyendetsa makina osokera ndi ayironi komanso kuyatsa wailesi ya kanema ana akabwera kusukulu. Galimoto imene Lolemba yakatenga matumba a shuga ku Limbe, Lamulungu yanyamula banja kupita ku tchalitchi. Foni yoimbira makasitomala ndi yomweyo yochezera ndi achibale pa WhatsApp. Apa ndalama imagawidwa: gawo la bizinesi lokha ndilo limachotsedwa, ndipo kagawidwe kake kayenera kukhala komveka kwa munthu wina. Ngati nyumba ili ndi zipinda zinayi zofanana ndipo chimodzi ndi chosokeramo, gawo limodzi mwa magawo anayi a lendi lingalembedwe ku bizinesi. Pa galimoto, kabuku kolembamo tsiku, kumene yapita, chifukwa chake ndi makilomita ndiko kamathetsa mkangano. Kulemba mafuta onse a mwezi ku bizinesi pamene galimotoyo inapitanso kumudzi kukaona makolo n'kudziputira mafunso.

Pali zina zimene eni mabizinesi amazimva kuwawa akauzidwa. Chipepeso cha pamaliro a m'bale, thandizo la paukwati ndi chopereka cha kutchalitchi ndi udindo weniweni wa munthu wokhala pakati pa anthu, ndipo wamalonda ndiye amayamba kuyang'anidwa zikagwa. Komabe pa nkhani ya msonkho zimenezi sizinabweretse malonda, choncho zimagwera kwa mwini wake. N'chimodzimodzi ndi katundu wotengedwa pashelefu. Paketi ya shuga ndi botolo la mafuta ophikira zimene mwana watumidwa kukatenga kusitolo ziyenera kulembedwa ngati zimene mwini wake watenga. Zikapanda kulembedwa, mabuku amaonetsa ngati bizinesi ikuluza pamene banja likudya mpamba.

Mwini bizinesi amene akuchita malonda m'dzina lake sangadzilembere malipiro n'kuwachotsa pa phindu, chifukwa iye ndi bizinesiyo ndi munthu mmodzi pamaso pa lamulo. Kampani yolembetsedwa imaima payokha, ndipo malipiro a mkulu wake amachotsedwa koma amadulidwa msonkho wa PAYE. Mphwake wa mwini bizinesi amene amagulitsadi pakauntala tsiku ndi tsiku ndi wantchito ngati wina aliyense. Amene dzina lake langolembedwa m'buku la malipiro iye ali kusukulu si wantchito.

Katundu wokhalitsa ali ndi lamulo lakelake. Filiji, chigayo, kompyuta kapena njinga yamoto yonyamulira katundu n'za bizinesi ndithu, koma mtengo wake suchotsedwa ngati lendi kapena malipiro. Umachotsedwa kudzera m'njira imene a MRA amaitcha capital allowances, kawirikawiri pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Kusintha lamba wa chigayo ndi kukonza chabe, ndipo kumachotsedwa chaka chomwecho. Kugula injini yachiwiri kuti chigayo chikule n'kuwonjezera katundu. Pa ngongolenso, chiwongoladzanja ndicho chimachotsedwa, osati ndalama yobwerekedwayo ikamabwezedwa, ndipo ngongole ya ku banki mkhonde imene inathera pa malata a nyumba yogona siikhudza bizinesi konse.

Zonsezi zimafuna umboni. Ofisala wa msonkho akafika amafunsa malisiti, mainivoisi ndi sitetimenti ya kubanki, ndipo chimene chilibe umboni angathe kuchikana ngakhale chinalidi cha bizinesi. Malisiti a m'makina amafufutika akakhalitsa, makamaka akasungidwa potentha, n'chifukwa chake ena amawajambula pafoni tsiku lomwelo. Kumene lisiti kulibe, monga pogula nyemba kwa alimi kapena polipira aganyu otsitsa katundu, kope lolembamo tsiku, dzina, kuchuluka kwa ndalama ndi saini ya wolandira limathandiza. Akaunti ya kubanki yapadera, kapena nambala yachiwiri ya Airtel Money kapena Mpamba ya malonda okhaokha, imalekanitsa ndalamazi zisanasakanikirane. Mwini wake akamadzipatsa ndalama yodziwika pa mlungu kapena pa mwezi kuchokera mu akauntiyo, zonse za pakhomo zimachokera pamenepo, ndipo zotsala m'buku la bizinesi n'zimene zimalembedwa pa fomu ya msonkho.