Zolowa si phindu: mawu oyambira pophunzitsa kuwerengera ndalama

Mwana wa ku Mualadzi kapena ku Cassacatiza amabwera kusukulu akudziwa kale mawu akuti mpamba, ngongole ndi phindu, pakuti amawamva pakhomo nyengo yogulitsa fodya ikafika. Ife aphunzitsi tiyambire pa mawu a Chinyanja amenewa, kenako tiwalumikize ndi a Chipwitikizi: mpamba ndi capital, zolowa ndi receita, zotuluka ndi despesa, ngongole ndi dívida, phindu ndi lucro.

Povuta penipeni ndi posiyanitsa zolowa ndi phindu. Tiyerekeze kuti mlimi wagulitsa fodya wa meticais 40,000. Mbewu ndi feteleza adatenga pa ngongole ya 15,000, ndipo aganyu adawalipira 8,000. Zolowa ndi 40,000, zotuluka ndi 23,000, choncho phindu ndi 17,000 yokha. Zotuluka zikaposa zolowa, mlimi waluza, ndiye prejuízo.

Pabolodi tilembe mizere iwiri, wa zolowa ndi wa zotuluka. Ophunzira aike okha nambala iliyonse pamalo pake, n'kufotokoza chifukwa chake m'Chinyanja. Tisathamangire mawu a Chipwitikizi asanamvetse zimenezi, chifukwa wosasiyanitsa ziwirizi akadzakula adzadya mpamba akuyesa phindu.